Vidiyo Sho ya a Ellard

Fakitale ya nsalu ku Makata itachotsa anthu ntchito mu 1996, a Ellard anasowa mtendere. Ankadzuka m'mawa, kuvala nsapato, kufika pokwerera minibasi, n'kubwerera. Kenako anagula TV ndi deki, n'kutulutsa mipando pabalaza, n'kuikapo mabenchi. Nyumba yawo ya ku Ndirande inasanduka vidiyo sho.

Akazi awo, a Clara, anangoona katundu akulowa.

"Nanga alendo tizilandirira pati?" anafunsa.

"Alendo ake ati? Anthu amachezera munthu wapantchito," anayankha a Ellard uku akukhoma mabulangete m'mawindo.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munali mdima ndi phokoso la mfuti tsiku lonse. Popita kuchipinda, a Clara ankadumpha miyendo ya anthu onunkha thukuta ndi fodya. Akakhala kukhitchini, khoma linkanjenjemera. Akatuluka panja, ankapeza wina akukodzera maluwa awo. Amayi anzawo a Mvano anasiya kubwera.

Mwana wawo Olivia, yemwe ankakonzekera mayeso a Folomu 4, anayamba kukawerengera kwa azakhali ake ku Chilomoni. Poyamba ankabwerako madzulo. Tsiku lina bambo wina woonera filimu anamugwira mkono pakhomo. Olivia atakuwa, a Ellard anangoti, "Usatithamangitsire makasitomala." Mtsikanayo analongedza yunifomu ndi mabuku, sanabwerenso.

Loweruka lina masana magetsi anazima filimu ili pakati. Anthu anatuluka akutukwana. A Ellard anatsala akutembenuza tepi m'manja, kusuzumira panja, kukhala, kudzukanso. A Clara analowa n'kukhala pabenchi yakutsogolo.

"Bambo a Olivia, ine ndikupita ku Mulanje kukathandiza mayi kulima."

"Mvula isanayambe n'komwe?"

"Ndizikasosa."

A Ellard anafuna kunena kuti dekiyo aigulitsa. Koma akaigulitsa azitani? M'malo mwake anangofunsa:

"Mudzabwera liti?"

"Tidzaona tikakolola."

Lolemba a Ellard anawanyamulira chikwama a Clara mpaka ku depoti ya ku Limbe. Basi itanyamuka, anayendayenda mumsika osagula kanthu, kenako anakwera ya ku Chilomoni. Atafika pageti ya achemwali awo, anamva Olivia akuseka mkatimo ndi asuweni ake. Anakweza dzanja kuti agogode, analitsitsanso. Anaima kanthawi akupukuta thukuta, kenako anatembenuka n'kuthamangira minibasi. Ku Ndirande anthu a filimu ya masana anali atayamba kale kumenya chitseko.