Mvula Yochokera Kuseri kwa Phiri

M'mawa umenewo a Chikombole anaima pabwalo pawo atagwira m'chiuno, akuyang'ana matope. Dzulo lake matopewo anali njerwa zosawotcha, zoyalidwa bwino padzuwa kuti ziume. Chakumadzulo kunabwera mvula yamatalala, ndipo njerwa zonse zinabwerera kudothi kumene zinachokera.

Dzina lakuti Chikombole linawamera chifukwa cha ntchito youmba njerwa. Anali ataumbira theka la tauni yawo, koma kwawo khoma la chipinda china linagwa chaka chatha ndipo linali lisanadzutsidwe. Iwo, akazi awo ndi ana atatu ankapanikizana m'chipinda chimodzi chodontha, pamodzi ndi ndowa zolandirira madzi. Mwana wamng'ono ankangotsokomola. Apongozi awo aamuna anali atanena kale mosabisa mawu kuti, "Dzinja likakhwima khomalo lisanaime, mwana wanga ndi adzukulu anga ndidzabwera kudzawatenga." Njerwa zosungunukazo zinali za khoma limenelo. Ndithu mvula ikakuona litsiro sikata.

Masana kunafika mayi wina wa ku ofesi ya zanyengo, amene ankayendera mabanja oonongekeredwa katundu.

"Pepani bambo," anatero mayiyo. "Kodi uthenga wochenjeza simunaulandire pafoni?"

"Unabwera, koma sunali wathu," anayankha a Chikombole. "Unkanena za tauni yaikulu ija ya kuseri kwa phiri. Nditayang'ana kumwamba kunali kuli mbee. Ndinangoufufuta."

"Munauwerenga mpaka pansi?"

Zoona zake, a Chikombole sanauwerenge wonse. Kafoni kawo ka mabatani kankaonetsa mizere iwiri yokha, ndipo kutsitsa uthenga ndi manja amatope kunkawatopetsa.

"Awa, mayi, uthenga amauwerenga ngati mmene amamverera ulaliki," anatero akazi awo. "Poyambira pokha." Palibe anaseka.

Mayiyo anakhala pachidebe n'kufotokoza. "Ku tauni yaikuluyo kuli makina otchedwa rada. Amaona mitambo ya mvula ikadali kutali, kulemera kwake ndi kumene ikulowera. Ali kumeneko, inde, koma amayang'anira matauni onse ozungulira, ndi kuno komwe. Uthenga umayamba ndi kumene mvulayo ili, kenako umatchula kumene ikupita. Dzina la tauni yanu linali pansi. Inu maso anu amalekezera paphiri, koma rada imaona kuseri kwake."

A Chikombole anayang'ana pansi. Chimene chinawawawa kwambiri n'chakuti chenjezo analigwira m'manja mwawomo, n'kulitaya okha.

Anayambiranso. Anaponda dothi msana uli wowawa, akazi awo akutunga madzi, ndipo pang'onopang'ono bwalo linadzazanso njerwa. Pakhomopo panalibe chimwemwe. Apongozi anatumiza mawu ofunsa ngati zovala za ana zili zolongedza.

Tsiku lina, dzuwa likuswa mtengo, foni inaliranso. Dzina loyamba linali la tauni yaikulu yomwe ija. A Chikombole anapukuta manja pathalauza n'kutsitsa uthengawo. Tauni yawo inalimo: mphepo yamkuntho ndi matalala, dzuwa lisanalowe.

"Mayi a ana, tengani mapepala apulasitiki aja! Ana alowe m'nyumba!"

Anasanjikiza njerwa pamalo okwera, kuziphimba, kutsendereza ndi miyala, n'kukumba ngalande mozungulira. Mnzawo wina woumba njerwa, wa nyumba yoyandikana nayo, anasuzumira pampanda.

"Achimwene, mukuzifunditsa njerwa masana ano? Zadwala malungo?"

"Werengani uthengawo mpaka pansi, achimwene."

"Aaa, za kwa eni ake izo," anatero mnzawoyo akubwerera.

Posakhalitsa kumwamba kunada bii. Mphepo inawomba, matalala n'kumamenya malata mpaka ana anatseka makutu. A Chikombole anakhala kuseri kwa chitseko, akumva mapepala aja akukupiza panja. Mvula itakata anatuluka n'kukweza pepala limodzi. Njerwa zinali zouma. Kuseri kwa mpanda, mnzawo uja anali ataima atagwira m'chiuno, akuyang'ana matope. A Chikombole sanamuseke, pakuti maimidwe amenewo ankawadziwa bwino.

Njerwa zinawotchedwa, khoma linaima. Apongozi atabwera analizungulira, n'kuligogoda ndi ndodo yawo, kenako anapempha mpando. Za kutenga ana sanazitchulenso.

Chenjezo la zanyengo likabwera, pafoni kapena pawailesi, limvereni mpaka kumapeto. Rada siyang'anira tauni imene yaimamo yokha ayi, ndipo kuyera kwa kumwamba pakhomo panu si umboni wakuti mvula sibwera. Mukamva dzina la kwanu, phimbani zimene zingaonongeke, lowetsani ana m'nyumba, ndipo uzaninso anansi anu, ngakhale akusekeni.