Malaya a Eneya

Stelia anawaonera patali akutsika pa kabaza, pafupi ndi mzere wa mathiraki odikira kuwoloka malire pa chipata cha Mwami. Patsogolo panali a Zakeyu, malume ake a malemu mwamuna wake Eneya. Pambuyo pawo pankabwera Anastazia, mlongo wake wa Eneya, atapinda zikwama ziwiri zopanda kanthu m'khwapa. Zikwamazo zinamuuza Stelia zonse. Anamanganso nsalu imene anaberekera mwana wake Shalom, ngakhale inali yothina kale.

Panali patatha milungu isanu chimuikireni Eneya kwawo ku Mlonyeni, ndipo nthawi yogawana zovala za malemu inali itakwana.

Madzi akumwa alendowo anawakana.

"Alamu, sitinabwere kudzacheza," anatero Anastazia. "Tulutsani zonse."

Wailesi inalowa m'chikwama, nsapato, jekete, kenako alubamu ya zithunzi.

"Mundisiyireko chimodzi chokha," anapempha Stelia. "Mwanayu adzawadziwe bambo ake."

"Nkhope ya mlongo wanga itsale m'nyumba imene mawa mulowe mwamuna wina? Ngakhale chimodzi!"

Stelia sanalimbane nazo. Zimenezi anali ataziona zikubwera. Sabata yathayo anapita ndi alubamuyo ku ofesi yokonza mapepala a katundu pachipata, kumene Eneya ankagwira ntchito. Betty, mlembi wa kumeneko, anajambula zithunzi zonse pa makina, n'kuziika pa kachimbale ka kompyuta, kenako n'kuzifufuta mu kompyutamo bwana asanaone. Kachimbaleko Stelia anakasokera m'kona ya chofunda.

Anastazia anali akupinda malaya, koma mwadzidzidzi analeka.

"Abuluu aja ali kuti? Nanga amizeremizere amene anavala pa chinkhoswe?"

Asanayankhidwe anali atalowa kale kuchipinda. Pabedi panali chofunda cha zigamba zamakonamakona: zabuluu, zamizeremizere, zakhaki, chimodzi chili ndi thumba lake lomwe. Atakweza matiresi anapeza makolala asanu ndi manja a malaya.

"Amalume! Tabwerani mudzaone malodza! Wadula zovala za munthu!"

Stelia anamutsatira kuchipindako. Kulumikiza zigamba anaphunzira ku sekondale, ndipo masiku onse amene ankasoka ankangoganiza za Shalom akugona m'fungo la bambo ake. Sanakumbukire n'komwe kuti kumudzi wodula kansalu pa chovala cha mnzake amakhala ali pa ulendo wa kwa sing'anga.

"N'chofunda chabe, amalume. Cha mwana."

A Zakeyu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Tiuzeni bwino, mayi. Munayamba liti kudula? Atamwalira, kapena asanamwalire?"

Anastazia anakoka chofundacho kupita nacho panja kuti anthu aone. Ali pakhonde, zala zake zinagunda chinthu cholimba, chozungulira, m'kati mwa nsalu. Anakuwa n'kuchiponya pafumbi.

"Muli chithumwa! Wasokeramo chithumwa!"

Anthu anasonkhana: amayi a pamdadada, osintha ndalama awiri ochokera kumsewu, ngakhalenso mai landilodi. A Zakeyu anatenga botolo la palafini pawindo, napisa m'thumba kufuna machesi.

Stelia anaganiza mofulumira. Akanena kuti ndi zithunzi, Anastazia atumbula konayo, atenga kachimbaleko, ndipo nsaluzo azitenthabe. Akangokhala chete, zipsa zonse. Shalom anatakataka kumbuyo. Tsiku lina adzafunsa kuti bambo ake anali otani.

"Otchani," anatero. Kenako anabwereza mokweza. "Otchani, amalume. Koma woyatsa machesiyo ayambe watchula dzina lake, kuti zam'katimo zimumve bwino."

Thiraki ina inalira hutala kumsewu.

"Mwamva nokha!" anatero Anastazia, koma anali atabwerera m'mbuyo.

A Zakeyu anayang'ana botolo lija, nayang'ana chofunda. Kenako anatambasulira machesi kwa Anastazia.

"Yatsa. Mlongo wake ndiwe."

"Ine? Mwini mbumba si ndinu? Ine ndili ndi ana aang'ono."

"Ndiye ine ndilibe ana?"

Mmodzi mwa osintha ndalama aja anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. A Zakeyu anaika botolo pansi pang'onopang'ono, napukuta manja pa thalauza.

"Ku Mlonyeni musadzapondeko," anatero. "Ngakhale pa chiliza."

Ananyamula zikwama zawo n'kumapita, Anastazia akulavula malovu mpaka pamsewu. Anthu anabalalika osayang'ana m'mbuyo. Mai landilodi anakokera adzukulu awo m'nyumba, ndipo asanatseke chitseko anati mwezi ukatha nyumba akuifuna.

Stelia anadziwa kuti pofika mawa dzina lake likhala litawoloka kale chipata. Anatola chofundacho, nachikung'untha fumbi, n'kuyendetsa chala pakona paja. Kachimbale sikanasweke. Anayala chofundacho pakhonde pomwepo, poonekera aliyense, namasula Shalom n'kumukhazika pakati. Mwanayo anakwawa, napeza thumba la malaya abuluu aja, n'kupisamo dzanja.