Kandodo ka Mkwatibwi

Ku Sumenep, pachilumba cha Madura, mkazi akafuna kusunga banja ankapita kwa Hosniyah. Mayiyu ankasinja zitsamba monga ankachitira amayi ake, koma chimene chinamutchukitsa chinali kandodo: kanthu koyera, kotalika ngati chala, koumba ndi mizu ndi laimu, kamene mkazi amalowetsa kumaliseche kuti kuume gwa ndi kuthina. Amati mwamuna wa ku Madura sakonda madzi. Anayamba kunena zimenezi ndani, palibe akudziwa, koma aliyense ankalumbira kuti n'zoona.

Hosniyah sankagulitsa chinthu chimene iye sachidziwa. Kandodoko anayamba kukagwiritsa ntchito ali mkwatibwi, ndipo zinkawawa. Ankaluma pilo, kukacha n'kumayenda motang'adza, akudziuza kuti ukazi ndi umenewo. Atasiya kupita kumwezi ululu unafika poipa, ngati wina wathira mchere pabala. Ukatswiri wake wonse uja, Hosniyah anaganiza kuti mankhwala achepa mphamvu, nawonjezera. Anapita kuchipatala pokhapokha ataona magazi pansalu.

Mzamba amene anamupima anali kamtsikana koti akanatha kukabereka. Anapukusa mutu, namutchula Buk, monga amaitanira amayi kumeneko.

"Buk, thupi lanu lauma lokha chifukwa cha msinkhu, inu mukuliumitsanso? Mwang'ambika m'kati. Chinyezi chija si litsiro ayi, n'chimene chimateteza mkazi." Anamupatsa mafuta ofewetsa, kenako anafunsa mopanda manyazi: "Kodi inuyo mumamva kukoma?"

Hosniyah anaweramitsa mutu ndi manyazi. Zidzukulu anali nazo, imvi mbuu kunsi kwa mpango, koma funso limeneli anali asanafunsidwepo. Panjira yobwerera, akudutsa m'minda ya mchere, manyazi aja anasanduka mkwiyo. Anakwiyira amayi ake ali kumanda, anadzikwiyiranso yekha pokumbukira atsikana onse amene anawagulitsa ululu atawakulungira m'pepala lokongola.

Tsono mwana wake wotsiriza, Rohemah, anali pafupi kukwatiwa ndi mwana wa Hajjah Subaidah, mayi amene anakachita Haji, wa banja la maboti ndi magalimoto onyamula mchere. Ukwati wotere sugwa kawiri pakhomo pa munthu wosinja zitsamba. Mmawa wina Subaidah anatulukira ndi mkoko wa nthochi ndi shuga, zibangili zagolide zili ngwengwengwe, nakhala pakhonde. Rohemah anabweretsa khofi n'kubisala kuseri kwa chitseko. Bambo ake, Matrawi, anali pakhonde la kanyumba kopempherera, akukonza chopalira mchere.

"Asewere, masiku akutha," anatero Subaidah. "Mwanayu mwayamba kumukonza? Ndikufuna kandodo kamphamvu kaja. Wanga asakapeze dambo."

"Mankhwala akumwa olimbitsa thupi ndikumupatsa, Buk Haji. Kandodo ayi."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi. Ndasiya kuumba."

Subaidah anaseka mpaka dzino lagolide kuonekera. "Ndiye kuti ana a eni munkawapatsa, wanu mukum'mana? Kapena pali chimene mukubisa? Mtsikana wosungika saopa kandodo."

Mawu amenewo ndi othetsa ukwati, ndipo onse awiri ankadziwa. Hosniyah ankaufuna ukwatiwu, ankaufunitsitsa. Koma anakumbukira pilo uja.

"Mwana wanga ndi wosungika, ndipo ndikufuna akafike kwanuko ali wathunthu, osati wosupuka. Ine kandodo kameneka kanding'amba, ndatuluka magazi. Chikwatiwire sindinamvepo kukoma. Inu munakumvapo, Buk Haji? Tandiuzani, tili akazi okhaokha."

"Astaghfirullah, Mulungu akhululuke! Pakamwa panu!" Subaidah anadzuka akukoka mpango. "Za kukoma n'za amuna. Ife timasunga nyumba. Ngati simufuna mwambo, atsikana m'mudzi muno sanathe."

"Akatengeni. Koma wanga sindimuumitsa ngati nsomba ya pathandala."

Apo m'pamene Matrawi anatsokomola. Azimayi aja anali atamuiwala, monga amaiwalika amuna ofatsa. Anabwera pang'onopang'ono, chopalira chili m'manja, maso ali pansi.

"Amake Rohemah, zaka zonsezi zimakupwetekani?"

"Munandifunsapo, Kak, amuna anga?"

Bamboyo anakanda m'mutu pansi pa chisoti. "Inetu ndimayesa mumakakonda, poti ndi ntchito ya manja anu. Inenso kamandisupula. Ndikalowa m'madzi amchere kukacha, ndimachita kuluma mano." Anatembenukira kwa mlendo uja. "Buk Haji, mukhululuke, si nkhani yoti mwamuna alowerere. Koma mwana wanu wamwamunayo mumumvere chisoni."

Hosniyah sanadziwe kuti aseke kapena amugende ndi munsi. Anthu awiri, mphasa imodzi, aliyense akupirira kuti akondweretse mnzake! Misozi inalengeza, koma inali ya ukali.

Subaidah anaima duu, akutembenuza chibangili chimodzi. Kenako anavala nsapato zake n'kutuluka pachipata osatsanzika. Nthochi ndi shuga anazisiya pakhonde, ndipo munthu wothetsa ukwati sasiya mphatso. Kaya anangoiwala, Hosniyah sanamuthamangire kukafunsa.

Analowa m'nyumba, natenga dengu lonse la tindodo totsala, nakhuthulira mumtondo. Anasinja ndi mphamvu zimene sanasinjepo nazo chilichonse, fumbi loyera lili kobo, mpaka nkhuku zinathawa. Rohemah anatuluka kuseri kwa chitseko, nkhope ili pansi, naima pafupi ndi mtondo.

"Buk," ananong'ona, "ndiye kuti siziyenera kuwawa?"

Hosniyah anaimika munsi, napukuta thukuta ndi nsonga ya mpango.

"Ayi, mwanawe. Ndipo zikakawawa, ukanene tsiku lomwelo. Pakamwa ndinakuberekera, si podyera mpunga pokha."