Magetsi Oyaka Masana

Galimoto ndinaigula ndi ndalama za nandolo, ndipo ndinaigula mmene ndimagulira chilichonse, mokangana. Mwini wake anali bambo wina wa ku Mocuba. Ndinakhala pabalaza pake kuyambira m'mawa mpaka mkazi wake anatopa kundipatsa madzi akumwa. Ndinapeza kuti kaswichi ka magetsi kanauma, sikatembenuka uku kapena uku, ndiye ndinakakamira pomwepo ngati nkhupakupa mpaka mtengo unatsika.

"Mayi, limenelo si vuto," anatero bamboyo. "Kanaumira pamalo abwino. Magetsi amadziyatsa okha kukada."

"Chouma ndi chouma," ndinamuyankha. "Tsitsani."

Titagwirizana ndinakana kudzuka popanda basela. Bamboyo anayang'ana uku ndi uku, analibe chondipatsa. Ndinaloza doilo yoyera yoluka ndi manja imene inaphimba TV yawo. Mkazi wake anaichotsa yekha n'kundiponyera pamiyendo.

Doiloyo ndinaiyala pa dashibodi, m'munsi mwa galasi la kutsogolo, kuti dzuwa lisang'ambe pulasitiki. Ndinauza mwana wanga Nelsa, amene ali ndi karta yoyendetsera galimoto ndipo ndiye amandiyendetsa, kuti wogwira doilo imeneyo wagwira ine.

Padzuwa galimotoyo inalibe vuto. Koma ingolowa pansi pa mtengo wa mango, magetsi ayaka. Idutse m'mbali mwa lole, ayaka. Kamtambo kaphimbe dzuwa pang'ono, ayaka. Nelsa ankadziwira kachizindikiro kobiriwira kamene kamaoneka kuseri kwa chiwongolero. Ine sindinkasamala.

Tsiku loyamba kupita ndi matumba ku malire, kunja kuli mitambo, anthu apanjinga ankatsika n'kuima m'mbali mwa msewu. Azibambo ankavula zipewa. Mayi wina wogulitsa nthochi anachita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinati, ehe, Milange wadziwa tsopano kuti Lucinda wagula galimoto. Ndinatsitsa galasi n'kumawabayibitsa, mano onse pamtunda. Titafika, bambo amene amandinyamulira matumba anabwera mwakachetechete, manja kumbuyo.

"Pepani, mayi. Mwataya ndani?"

Apo mpamene ndinakumbukira chimene mwana aliyense kuno amadziwa. Galimoto yoyatsa magetsi masana ndiye kuti yanyamula maliro. Ine ndinali nditayenda tauni yonse ndikubayibitsa anthu ngati mkwatibwi, maliro ali matumba a nandolo.

Ndikanangoseka n'kuiwala, koma sabata lomwelo achimwene anga a Yonasi ankatuluka m'chipatala. Anawachita opaleshoni ya pamimba, ndipo adokotala ananenetsa kuti pobwerera kwawo ku Mongue asakwere njinga kapena mota, njinga yamoto ija, agone m'galimoto ndipo iziyenda pang'onopang'ono. Galimoto m'banja mwathu ndi yanga yokha. Kumudziko kunatsala alamu anga a Inês, amene ali ndi tensau, matenda aja magazi amathamanga. Tsiku limene amuna awo ankapita kuchipatala alamuwo anakomoka pakhomo. Foni yawo inagwera m'chitsime mwezi wathawu, ndiye panalibe njira yowauziratu.

A Yonasi atamva za magetsiwo anandiyang'ana ali pabedi.

"Lucinda, ukalowa pamudzi panga masana ndi magetsi amenewo, tikaikadi maliro. Koma sakhala anga. Akhala a mkazi wanga."

"Ndikonza, achimwene."

"Iwe ukonza? Unakonzapo chiyani kupatula mitengo ya anthu?"

M'mawa mwake tinapita ku ofisina ina yokonzera magalimoto kuseri kwa msika. Makaniko anamvetsera, anayesa kaswichi kouma kaja, kenako anatchula mtengo wongoyang'anira. Ndinamufunsa ngati maso ake ndi agolide. Tinakokanakokana mpaka anavomera theka, akupukusa mutu. Analowa m'galimoto, n'kutambasula dzanja kuti akweze doilo. Ndinamumenya padzanja.

"Manja a girisi amenewo pa doilo yanga?"

"Mayi, ndikufuna ndione…"

"Ona magetsi. Ali kunja, kutsogolo. Doilo siyaka."

Anatsika bwinobwino, anapukuta manja, n'kupatsa Nelsa makiyi.

"Achemwali, tengani amayi anu. Galimotoyi ndingaithe, koma awa ayi."

Ndinati zake zimenezo, ndalama zanga zatsala. Kunyumba ndinadula makatoni a sopo n'kumata pa nyali zonse ziwiri. Sitinafike ngakhale pa mphambano, wapolisi wa pamsewu anatiimitsa. Anazungulira galimoto, anandifunsa ngati ikudwala maso, n'kundiuza ndichotse ndekha iye akuonerera. Anthu a pa depoti ya mashapa, maminibasi athu aja, anaonerera naye limodzi.

Nelsa anafufuza pa foni yake.

"Mama, akuti magalimoto otere ali ndi kadiso koona kuwala. Kakada kapena kakaphimbika, galimoto imayesa kwada."

"Ndiye tikatsuke. Kali pati?"

"Akuti ena kamakhala pa galasi, ena pa dashibodi."

Ndinatenga sopo ndi ndowa. Ndinatsuka galasi mkati ndi kunja, kalilole, nyali, ngakhale nambala. Doilo yokha sindinaisunthe, chifukwa inali yoyera kale.

"Mwina kali pansi pa…"

"Pansi pa doilo pali pulasitiki. Ndinayala ndine. Usandiphunzitse galimoto yanga chifukwa unafika sekondale."

Nelsa anabwerera pa foni yake. Mwanayu ndinamulera ndekha, amadziwa pamene mawu athera.

Loweruka, tsiku lokawatenga a Yonasi, linakwana tisanakonze kanthu. Nzeru yanga yomaliza inali yakuti tiyende dzuwa lili paliwombo, pamene mithunzi imakhala yaifupi, ndipo Nelsa azizemba mitengo. Tinawagoneka a Yonasi pampando wakumbuyo, n'kuwafunditsa chitenje mpaka m'khosi chifukwa cha fumbi. Mankhwala anawagonetsa tisanatuluke m'tauni. Ndikanakhala ndi nzeru ndikanacheuka n'kuona mmene ankaonekera.

Msewu wa ku Mongue ndi mabampu okhaokha. Nelsa ankayendetsa ngati wasenza mazira, akukhotera kumene kuli dzuwa, ine ndikuloza. Zinatheka mpaka tinayandikira mudzi. Kumeneko msewu umalowa pakati pa mitengo ya mango yakalekale, uku ndi uku, nthambi zitakumana pamwamba. Palibe pozembera.

"Ayaka, mama," anatero Nelsa.

Bambo wina amene ankabwera pa njinga kumbuyo kwathu anatipeza mosavuta, poti tinkayenda ngati nkhono. Anaona magetsi, anasuzumira pawindo, anaona a Yonasi ali gone, maso otseka, chitenje m'khosi. Anavula chipewa. Kenako anapalasa njinga ija molunjika kumudzi ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi.

"Bambo inu, bwererani, ali moyo," ndinakuwa. Fumbi lokha ndi limene linandiyankha.

Kutsogolo anthu anayamba kutuluka m'nyumba. Ndinauza Nelsa aime, ndinatsika, ndinati ndiyende patsogolo pa galimoto ndizifotokozera aliyense. Zinaoneka zanzeru mumtima mwanga. Tangoganizani nokha. Galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, magetsi ali ngwee, patsogolo pake mlongo wake wa munthu uja akuyenda wapansi, akukupiza manja, mawu atasasa. Ndikati "ali moyo," azimayi ankagwedeza mutu mwachisoni n'kumati, "Inde, mayi, kwa Ambuye ali moyo." Ena anafola kumbuyo kwa galimoto. Wina anayambitsa nyimbo.

Thukuta linkalowa m'maso. Mpango ndinali nditausiya m'chikwama pansi pa miyendo ya a Yonasi. Ndinabwerera pawindo, ndinapisa dzanja, n'kusolola chimene chinali pafupi. Ndinapukuta nkhope, khosi, ndi m'khwapa momwe. Nditatsegula maso ndinaona kuti ndagwira doilo yanga, ili bii ndi fumbi lofiira.

Ndisanayambe kudandaula, nyimbo ija inazilala. Azimayi ankayang'ana kutsogolo kwa galimoto.

"Mama," anatero Nelsa motsitsa mawu. "Azima."

Tinali tikadali pansi pa mango. Ndinati mwina galimoto yamva kukuwa kwanga, poti zinthu zambiri zimamva ndikakuwa. Ndinalowa, ndinakung'untha doilo, n'kuiyalanso pamalo pake. Patapita kamphindi kachizindikiro kobiriwira kanabwerera. Nelsa sanapemphe chilolezo. Anainyamula ndi zala ziwiri n'kundiika pamiyendo. Tinadikira. Kanazima. Pakona pa dashibodi, pafupi ndi galasi, panali kanthu kakuda kozungulira, kochepa ngati batani la malaya. Kadiso kaja. Masiku onsewa kankasuzumira dzuwa kudzera m'timabowo ta doilo, ndiye kamthunzi kalikonse kankakhala usiku kwa iko.

"Ikaninso tione, mama," anatero Nelsa.

"Yendetsa galimoto."

Kumbuyo kunamveka mawu. A Yonasi anali atadzuka kalekale.

"Musandiseketse, ulusi uduka. Ndiye anthu onsewa andiimbira chifukwa cha nsalu ya pa TV ya eni ake?"

"Achimwene, wanjinga wapita kale kwa alamu."

Kuseka kunathera pomwepo. Anagwira pamimba ndi dzanja limodzi, linalo anagwira mpando, n'kudzuka pang'onopang'ono akuluma mlomo mpaka anakhala tsonga. Anatsitsa galasi n'kutulutsa mutu.

"Nelsa, ponda. Ukaduka akasokanso. Ndipo uziliza hutala, maliro saliza hutala."

Nelsa anaponda pang'ono, dzanja lili pa hutala. Azimayi a nyimbo aja ataona mutu wa a Yonasi pawindo anabalalika, wina mpaka anataya patapata. A Yonasi ankapereka moni kwa aliyense pomutchula dzina, ngati akufuna mavoti.

Pakhomo tinapeza mphasa zitayamba kale kutulutsidwa. Wanjinga uja anaima pambali, chipewa m'manja. Alamu anali pansi pakhonde, atatsamira khoma, azimayi awiri akuwakupiza ndi mbale. Maso anali otseka ndipo ankapuma movutika. Ndinalephera kutsegula chitseko.

"Inês," anaitana a Yonasi ali pawindo. "Mbuzi zija wazimangirira kuti? Sindikuziona."

Alamu anatsegula maso. Anayang'ana nyali za galimoto kaye, zili zozima. Kenako anayang'ana pawindo. Ndiye anakankha mbale zija, anadzuka atagwira nsanamira, n'kubwera pang'onopang'ono. Atafika anawagwira amuna awo khutu n'kulipotokola.

"Mayo, ukundipweteka."

"Ndimafuna ndimve," anatero alamu. Anakhala pansi pomwepo, atatsamira tayala, n'kuyamba kulira ndi kuseka pamodzi. Ndinawapatsa madzi ndi mapiritsi awo. Kupuma kunabwerera m'malo mwake.

Mphasa zinali zitayalidwa kale, ndiye anthu anangokhalapo. Wanjinga anapepesa, koma anati iye ananena zimene anaona, magetsi ndi munthu wogona. Ndinamusiya osamukalipira, ndipo zimenezi sizichitika kawirikawiri. Nelsa anafotokozera khamu lonse nkhani ya kadiso, ndipo sanasiyeko mbali ya makaniko ndi dzanja lake. Anthu anapita mmodzimmodzi kukakaona. Wina anakaphimba ndi chipewa kuti aone magetsi akuyaka, mpaka alamu anamukalipira kuti pakhomo pawo zimenezo ayi.

Pobwerera alamu anatiperekeza mpaka pagalimoto. Anaona doilo ili pampando, yofiira ndi fumbi ndi thukuta langa.

"Alamu, imeneyi mundisiyire. Ndichapa, ndiziphimbira wailesi."

Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndifunse andipatsa chiyani. Nelsa anandiponda phazi. Ndinawapatsa ulere, ndipo dzanja linandiyabwa mpaka ku Milange.

Lolemba ndinabwerera kwa makaniko uja kuti akonze kaswichi. Atandiona anabisa manja onse awiri m'matumba, ndiye n'kutchula mtengo.