Timapini titatu topindika

Amuna anga ndi makaniko wa malole, ndipo manja awo sadziwa kusisita chinthu. Chivundikiro cha botolo, mpopi wa kukhitchini, loko wa pageti, akamanga iwo womasula ndi iwo omwe. Zimenezi ndazidziwa zaka khumi ndi zinayi za ukwati wathu, ndiye wolakwa ndinali ine Loweruka lija pamene ndinawasiya okha ndi kompyuta yanga ili chitsegulire, n'kupita kukaphula tiyi.

Ine ndimajambula mapulani a nyumba m'kachipinda kakuseri, komwe kuli tebulo lalitali pansi pa zenera. Kompyuta yangayo inali itayamba ulesi woopsa. Ukaiuza kuti itembenuze nyumba ya zipinda zinayi, umatha kukatsuka mbale n'kuipeza ikadaganiza. Ndiye ndinagula purosesa yatsopano, kachitsulo ka makona anayi komwe kamaganizira makina onse, kokhala ndi timapini tagolide tambirimbiri kunsi kwake. Yakale ndinaichotsa ndekha bwinobwino. Yatsopano ndinaisiya m'kabokosi kake.

Pobwera ndi makapu ndinawapeza amuna anga akupukuta m'manja, nkhope ili mwee.

"Ndakuikirani kale, a Mapulani. Kamakana kulowa koma ndakanyengerera."

"Mwakanyengerera ndi chiyani?"

Anandionetsa chala chawo chachikulu, chija amakankhira mabawuti a tayala. Komabe ndinati tiyese. Ndinapaka mafuta otuwa othandiza kuti purosesa isatenthe, ndinabwezera fani yake pamwamba, n'kudina batani. Fani inazungulira, kanyali kobiriwira kanayaka, koma sikirini inangoti bii.

Tinayamba kufufuza chimodzichimodzi. Ndinazula waya wa sikirini n'kuulowetsanso. Ndinatulutsa timatabwa ta memore, ndinatiuzira fumbi, ndinatibwezera kamodzikamodzi. Ndinachotsa kabatire kozungulira ka pabolodi la m'kati mwa kompyuta n'kudikira mphindi zisanu, amuna anga atagwira tochi, akundilangiza kuti mwina ikungofunika kuimenya pang'ono m'nthiti. Zonsezi zii. Kenako ndinabwezeretsa purosesa yakale ija, ndipo kompyuta inayaka nthawi yomweyo, ndi ulesi wake womwewo. Apa mlandu unadziwika mwini wake.

Nditaitembenuza yatsopanoyo pazenera ndinaona. Pakona imodzi timapini titatu tinali titagona chammbali. Pakona pamakhala kachizindikiro kosonyeza mmene purosesa imalowera, ndipo ukalondola imangotsika yokha popanda kuikankha. A Makaniko anga chizindikiro sanachione, anangoona chinthu chamwano.

"Musadandaule, ndiwongola," anatero, n'kutuluka.

Kunyumba kwathu timakhala ndi bambo anga. Anakonza mawotchi zaka makumi anayi m'kakauntala kagalasi pansi pa masitepe a sitolo ya nsalu. Zaka ziwiri zapitazo dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Tsiku lina linawatsetsereka ali mkati mwa wotchi ya munthu n'kudula kawaya kake. Anatseka kauntala masana omwewo, zipangizo anaziika m'chitini cha mabisiketi, chitinicho n'kuchikankhira pansi pa bedi. Kuyambira pamenepo amangokhala pampando wa pabalaza ndi wailesi. Sadandaula, amadya bwino, amaseka nafe, koma nkhani ya mawotchi sitiitchula. Ngakhale batire ya wotchi yapakhoma ndimasintha iwo ali kubafa.

Ndinamva mawu awo kuchokera pabalaza.

"Apongozi, pulayazi imeneyo mukupita nayo kuti?"

"Kukawongola timapini ta purosesa, apongozi."

"Tating'ono bwanji?"

"Ngati tsitsi."

"Ndiye tsitsi mumaliwongola ndi chozulira misomali?"

Wailesi inazima. Ndinamva masilipasi akukhwekhwereza kulowera kuchipinda kwawo, kenako phokoso la chitini chikukokedwa pasimenti. Kunena zoona, ndinachita mantha, ndipo sanali mantha a purosesa ayi. Purosesa ndikanaiwala, ndikanapirira ndi yaulesi ija. Koma ndinkadziwa kuti bambo akathyola pini ngakhale imodzi pamaso pa mwana wawo ndi mpongozi wawo, chitini chija sichidzatsegulidwanso, ndipo adzakalambira pampando uja akudziona ngati katundu. Ndinafuna kubisa purosesayo m'thumba n'kunama kuti yatheka.

Bambo analowa atakumbatira chitinicho, amuna anga ali pambuyo ndi pulayazi yawo.

"Bambo, musavutike, wogulitsa uja akhoza..."

"Iwe, suntha mapepala akowa. Ndipatse nsalu yoyera."

Anayala nsaluyo patebulo, n'kuikapo kagalasi ka diso limodzi, kambaniro kosongoka ndi lezala. Anaiyang'ana purosesa nthawi yaitali, akuitembenuza pang'onopang'ono kuti kuwala kudutse m'mizere ya timapini. Kenako anapempha pensulo yanga yojambulira, ija yodina kumutu, nati ndichotsemo mtovu wake. Kabowo ka kunsonga kwake kankakwana pini imodzi ndendende.

"Chitsulo chopindika sachibweza kamodzi," anatero, osatiyang'ana. "Umachipempha katatu, pang'onopang'ono. Ukachibweza n'kupitirira, pobwerera chimathyoka."

"Mwamva, a Makaniko?" ndinatero. Amuna anga anangoikankhira pulayazi ija kumbuyo kwa makapu.

Bambo anatsitsa pensulo. Itatsala pang'ono kufika, dzanja linayamba. Nsonga inagogoda m'mphepete mwa purosesa, ke ke ke, moti tonse tinamva. Anaikweza, anapuma, anayesanso. Ke ke ke. Ulendo wachitatu anaika pensulo pansalu, anachotsa kagalasi kudiso, n'kubisa dzanjalo pansi pa linzake.

"Mwaona nokha," anatero motsitsa.

Mawu onse otonthoza amene anandibwerera anali oti akanangowanyozetsa. Amene anasuntha ndi amuna anga. Anakoka mpando, anakhala kumanja kwa bambo, anapinda malaya n'kugoneka mkono wawo wonse patebulo.

"Kugalaji chinthu chikamagwedera sitichitaya, apongozi. Timachiikira jeke. Tsamizani apa."

"Ine si lole."

"N'zoona. Lole siyankha."

Bambo anaseka kamodzi m'mphuno. Anauyang'ana mkonowo, wokhala ndi zipsera ndi girizi wosachoka m'zikhadabo, kenako anatsamiza dzanja lawo pamenepo. Amuna anga analigwira pamfundo ndi dzanja linalo.

"Limbitsani. Osati choncho, mundithyola! Eya, pamenepo. Musapume ndikamatsitsa."

Anthu awiriwa pazaka zonsezi ankangopatsana moni waulemu ndi kukambirana za mvula. Tsopano mitu yawo inali itagundana pamwamba pa kachitsulo kochepa kuposa bisiketi, wina wa imvi, wina wa dazi lotuluka thukuta. Zala za bambo zinkanjenjemerabe pang'ono, koma nsonga ya pensulo inatsika n'kuvala pini yoyamba. Anaikankha pang'ono, anasiya, anakankhanso. Amuna anga maso anali atatuzuka chifukwa chosunga mpweya.

"Pumani, apongozi, mungatifere pano," anatero bambo. Imodzi inali itaima.

Yachiwiri sinavute. Yachitatu inali itagonera pansi pa inzake, ndipo inawatengera nthawi yoti tiyi anazizira mpaka kuchita khungu pamwamba. Anayamba aidzutsa ndi kambaniro, kenako pensulo, kenako analowetsa lezala mumzere wonse n'kuyendetsa mofatsa kuti timapini tifanane. Anayang'ananso pazenera, mbali iyi ndi iyo, n'kundipatsa.

"Kaike wekha. Awa agwire tochi basi."

Ndinalondola kachizindikiro ka pakona, ndinaitula pamalo pake, ndipo inangotsika yokha, phee. Ndinatseka kachogwirira koipanira, ndinapaka mafuta, ndinamanga fani. Kenako ndinadina batani. Fani inazungulira. Sikirini inakhala bii kwa kanthawi kokwanira kuti munthu ayambe kupemphera, kenako kompyuta inalira kamodzi, pii, zilembo zoyera n'kutulukira. Inalemba dzina la purosesa yatsopano.

Amuna anga anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Ine ndinatsegula nyumba ya zipinda zinayi ija n'kuitembenuza, ndipo inazungulira ndisanachotse n'komwe chala. Ndinasangalala, koma chimene chinandigwetsa misozi si chimenecho. Nditacheuka ndinaona kuti bambo sikirini sakuiyang'ana n'komwe. Anali akutulutsa zipangizo zina zonse m'chitini, timasikuludiraiva, kabotolo ka mafuta, kaburashi, akuzipukuta chimodzichimodzi n'kumazindandalika pansalu paja, mpaka zinafika pa mapepala anga.

"Apongozi, Lamlungu masana mumakhala kugalaji?"

"Ayi, ndimakhala pompano."

"Ndiye mawa mubwere nawo mkono umenewo, koma muusambe ndi sopo. M'wotchi simufuna girizi wa lole."

Kenako anandiyang'ana ine, kagalasi kali pamphumi, n'kukankhira mapulani anga kumapeto kwa tebulo ndi dzanja lonjenjemera lomwelo.

"Tebulo ili lili ndi kuwala kwabwino. Iwe makina ako ali ndi nyali yawoyawo, ukhoza kukajambulira pakona apo."

Ndinanyamula kompyuta yanga n'kusamukira pakona.