Ndiwo Zopanda Mchere

Esitele anali akupinda malaya a malemu amuna ake, a Vitus, pamene a Tabeth, mlongo wawo wa malemuwo, analowa osaodira n'kuika kaphukusi ka pepala pamphasa.

"Ako n'ka mawa," anatero a Tabeth. "Muthire m'ndiwo ndi dzanja lanu, tonse tikuona."

Esitele anakafunyulula. Munali mchere wosakaniza ndi timakungwa tosinja, tofiirira. Sanafunse kuti n'chiyani, anakulira kumudzi. Mwamuna akatupa miyendo n'kumwalira, akuluakulu amati wadulidwa: mkazi wake wayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za pakhomo. Mdulo umenewo. Ndiye kuthira mchere wa mankhwalawo pa tsiku lometa, anthu onse akuona, kunali kuvomera kuti anachitadi, ndi kupepesa kuti otsalawo asatsatire.

"Achimwene anu sindinawadule ine," anatero Esitele, manja akadali pa malaya.

A Tabeth anayankha kuti zimenezo akanene mawa pamaso pa a Jonasi, mkulu wawo wa a Vitus, amene tsopano ndiwo anali mutu wa banja. Anatuluka osatseka chitseko.

Nkhani sinali ya mchere wokha. Esitele anabwera kuno kwa Zulu chitengwa ali mtsikana, kuchokera kwa Dambe. Njerwa za nyumba iyi anaumba ndi a Vitus, dimba la kudambo anazula bango lake ndi manja awo, koma dothi linali la kuchimuna. Wamasiye wa mbiri yabwino amamusiya akhale, alere zidzukulu. Wodula mwamuna amamuperekeza. Ndipo kwa Dambe kunalibe pofikira. Makolo anapita kalekale, munda anagawana ana a achemwali ake.

Udani wa iye ndi a Tabeth unayamba chaka chimene a Vitus anagwa chizungulire akukolola soya. Kuchipatala cha ku boma anati ndi BP, anawapatsa mapiritsi, anati mchere achepetse. Esitele sanachepetse, anangousiyiratu. A Tabeth ndiye anabwera ndi nzeru zawo. Iwowa ankapita ku Chipata kukaoda zitenje, pobwera ankatengakonso timabotolo tojambulidwa masamba ndi azungu akusekerera, n'kumagulitsa pa tsiku la msika pa Kamwendo. Ankati mapiritsi a kuchipatala ukangoyamba susiya, amadya impso pang'onopang'ono, amatha mwamuna mphamvu. Ankati BP si matenda, ndi maganizo basi, ndipo mwamuna amene pakhomo pake pali mtendere sadwala zimenezo. Adyo, mandimu, ufa wa cham'mwamba ndi kabotolo kawo kamodzi, munthu wachira.

Esitele sankadana ndi adyo. Cham'mwamba anadzala yekha kuseri kwa bafa, ankathira m'phala. Zoti maganizo amapha anthu ankavomera. Koma zosiya mapiritsi anakana. Tsiku lina atapeza kabotolo pansi pa pilo wa a Vitus, anakaponya m'chimbudzi a Tabeth ali pakhonde pomwepo. Kuyambira pamenepo moni unali wa pakamwa chabe.

Masana omwewo Thandiwe, mwana wake wamkazi amene ankaluka tsitsi mu saluni pa Kamwendo, anamupeza akusadzula nkhwani kuseri kwa khitchini. Anali atamva kale. Anayamba kumuchonderera kuti angothira, zithe, ndi mchere chabe. Akawathamangitsa azikakhala naye iye, chipinda n'chimodzi koma akwana. Anati sakufuna kuwaona akukangana ndi azakhali pabwalo manda asanaume.

Esitele anamusiya alankhule mpaka atope.

"Ndikathira, iwe ukhala mwana wa ndani?"

Esitele anapitiriza, manja akusadzulabe nkhwani.

"Sukuwadziwa anthu a pano. Ayamba kukuyang'ana mphuno, ayang'ane makutu, ati taonani, safanana ndi malemu. Mwana wako naye adzamva kusukulu. Tenga mtondo usinje nsinjiro."

M'mawa mwake abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Kumeta kwa masiku ano ndi kongodula katsitsi pang'ono ndi lumo, sikunatenge nthawi. A Jonasi anakhala pa mpando wa a Vitus, mapazi ali m'patapata. Akazi awo, a Stelia, amene ankatsogolera amayi kutchalitchi, anakhala pamphasa chapafupi, atafunda chitenje cha mpingo. Poto wa nkhwani wotendera anamuika pakati.

A Jonasi analankhula nthawi yaitali. Anati iwo sakuloza munthu chala, koma aliyense anaona momwe miyendo ya mng'ono wawo inatupira. Anati mwambo si iwo anauyamba. Mayi a Thandiwe athire mcherewo, onse adye, banja lipulumuke, kenako akapume kwawo. Dimba asade nalo nkhawa, banja liona chochita. Ponena za dimbazo sanayang'ane munthu aliyense.

A Tabeth anakankhira kaphukusi kaja kwa Esitele.

"Sindithira," anatero Esitele.

"Mwati bwanji, alamu?" anafunsa a Jonasi.

"Ndati sindithira. Ndiwo izi ndi zimene ang'ono anu akhala akudya chiyambire kudwala. Lawani. Dzanja ili linaiwala mchere, ndiye ndinawadula ndi chiyani? A Tabeth ndiwo mboni. Pobwera kudzadya kuno ankamanga mchere wawo pamfundo ya chitenje, ati ndiwo zanga ndi za akaidi."

Mtsikana wina kumbuyo anaseka, amake anamutsina.

A Tabeth sanagonje. Anati ngati si mchere ndiye ndi mapiritsi. Ndani ankawaimirira achimwene awo m'mawa uliwonse ngati wapolisi mpaka ameze? Ndani anataya mankhwala achilengedwe m'chimbudzi? Impso zinatha, madzi anadzadza m'miyendo. Munthu wamkulu ankadya ngati mbuzi m'nyumba mwake momwe, osamva kukoma, maganizo okhaokha.

"Sankhanipo chimodzi, alamu," anatero Esitele. "Ndawapha ndi chigololo kapena ndi chipatala? Zonse ziwiri sindingakwanitse ndekha. Zoti maganizo ndikuvomera. Ankagona maso ali gwa. Koma funsani amene ankasuntha malire a dimba chaka ndi chaka kuti maganizowo ankachokera kuti."

A Jonasi anamenya ndodo pansi. Anati za malire si za lero, ndipo mkazi asalankhule ngati ali pa msika. Kutupa miyendo sikunama, anawonjezera, makolo sanali opusa.

Maso a Esitele anatsika pang'onopang'ono mpaka pa mapazi a a Jonasi, n'kukhazikika pomwepo. Ena anatsatira kumene akuyang'ana. Zingwe za patapata zinali zitalowa m'mnofu, akakolo osaoneka, khungu likunyezimira.

"Nsapato zanu zakuda zija, alamu, zovala pa misonkhano. Bwanji simunavale pa maliro a mng'ono wanu?"

A Jonasi anabweza mapazi pansi pa mpando.

"Tadinani ndi chala pamwendopo tione ngati sipatsala dzenje." Esitele anatola kaphukusi kaja, anadzuka, anayenda pang'ono n'kugwada mwaulemu pamaso pa a Stelia. Anakaika pamphasa ndi manja awiri. "Ngati kutupa miyendo ndi mdulo, aka kasochera nyumba. Anga anapita kale. Pulumutsani anu akadali moyo."

A Stelia anayang'ana kaphukusiko, anayang'ana amuna awo. Anthu ankayesa alira, koma atatsegula pakamwa mawu anatuluka ouma.

"Bambo a Dickson, yankhani. Ndinakudulani ine?" anatero kwa amuna awowo.

A Jonasi anati nkhani isasokonekere, zawo n'zosiyana, ndi kuyenda kwambiri pa njinga.

"Njinga yake iti, yomwe munasiya kukwera chifukwa cha befu?"

Apo ndiye a Stelia anakhuthula zonse. Anati amuna awo akhala akumwa timabotolo ta a Tabeth chiyambire dzinja, kuchipatala akukana, ati kumeneko amakapha anthu. Anati sagona chogona, amatsamira khoma ngati mlonda. Anakumbutsanso za apongozi awo, mayi ake a Jonasi ndi a Vitus ndi a Tabeth omwe, amene anatupa miyendo chimodzimodzi ali nkhalamba yopanda mano, amuna awo atamwalira kalekale. Amenewo anawadula ndani? Anatenga kaphukusi kaja n'kukakhuthulira padzala la phulusa, nkhuku zinathamangira, zinajompha kamodzi n'kuchoka.

A Tabeth ananena kuti mankhwala awo sanaphepo munthu, ndipo kuchipatala nakonso anthu amafa tsiku ndi tsiku. A Jonasi anatsokomola, anati nkhaniyi ndi yaikulu, akambirana akuluakulu okhaokha nthawi ina.

"Kambiranani," anatero Esitele. "Mukamaliza mundipeza kudimba. Wofuna ndichoke abwere ndi ngolo adzandinyamule yekha, anthu aone."

Thandiwe anayamba kugawa ndiwo m'mbale. Onse anadya nkhwani wopanda mchere uja mitu ili pansi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe analimba mtima kupempha mchere.

Dzuwa litapendeka Esitele anatenga ndowa n'kutsikira kudambo. Tomato anali atafota, chigwere maliro panalibe womuthirira. Anatunga, anathira, anatunganso. Mtima sunali pamalo. Pabwalo paja anapambana, koma mawu amodzi a a Tabeth anali atamulowa ngati minga. A Vitus mapiritsi ankamwa, mwezi ukatha nawonso atha. Mchere sankadya. Nanga zinakanika pati? Mwina mapiritsiwo analidi oipa?

"Odi kudimba kuno."

Anali bambo wina wowonda, chipewa chili m'manja, ataima kunja kwa mpanda wa udzu. Esitele anamuzindikira. Anali Elias, tenanti wa ku esiteti ya fodya tsidya la dambo, wochokera ku Phalombe, amene nthawi zina ankadzagula mpiru. Anapepesa maliro, anati anabwera koma anakhala kumbuyo, si wa pamudzi. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa bokosi la machesi.

"Izi ndi za malemu, mayi. Sindinafune kukhala nazo eni ake atapita."

Esitele anatsegula. Munali mapiritsi oyera aja, koma onse odulidwa pakati.

Elias anafotokoza akuyang'ana pansi. Anati iye mutu unkamupweteka kunkhongo, maso kuchita mdima akawerama. Ku esiteti kapitawo salola munthu kupita ku boma nthawi ya fodya, ukajomba wajomba. A Vitus atamva anati matenda ake ndi omwewo, palibe chovuta. Ankabisa piritsi m'tsaya pochoka kunyumba, akazi awo akuyesa ameza, n'kudzadula ndi mpeni pamwala wa pachitsimepo, theka iwo, theka iye. Masiku amene mutu wa Elias wavuta ankamupatsa lonse. Ankati mtima wa mlimi ndi wolimba, theka likwanira.

Esitele anakhala pansi pa mzere wa tomato, bokosi lili m'manja. Anafuna kutukwana, koma womutukwanayo anali kumanda.

"Chitsiru cha munthu," anatero chapansipansi. "Mankhwala ngati chimanga chowotcha."

Elias anafunsa ngati ndiye wawapha. Esitele anadziwa kuti nkhani iyi ikangokwera kumudzi, a Jonasi ndi a Tabeth apeza pothawira manyazi a m'mawa, ndipo mlendoyu sagona m'boma lino. Esiteleyo dzina lake anali atalitsuka kale yekha, sankasowa bokosi la machesi kuti limuthandize.

"Simunaphe munthu. Ndipo izi musauze aliyense, ngakhale akazi anu. Lolemba m'mawa mudzandipeze pa Kamwendo, tikwere limodzi basi ya ku boma. Akakupimeni, akakupatseni anuanu, athunthu."

Elias anati nanga kapitawo.

"Kapitawo ndilankhula naye ine. Lero ndalankhula ndi akulu kuposa iyeyo."

Anadzuka, anakung'untha chitenje, anatenga chikwanje n'kudula nzimbe imodzi m'mphepete mwa dimba lake. Anaithyola pabondo n'kupereka mbali imodzi kudzera pamwamba pa mpanda. Elias analandira ndi manja awiri, anaiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono mwamanyazi.

"Iwo aja ankandipatsa ya kutsinde," anatero. "Yotsekemera."

Esitele anayang'ana nzimbe imene inatsala m'manja mwake. Anatambasula mkono, anasinthana naye, n'kuyamba kusenda ya kunsonga ija ndi mano.