Theka la Ndevu za Ilkka

Nkhaniyi ndinaitola pampando wa wometa, m'tauni ina ya kumpoto kwa Finland, chaka chomwe ndinkagulitsa masoseji pakhomo la bwalo la hoke, masewera a ndodo a pa ayezi aja. Sindinakhalitseko, miyendo yangayi imayabwa. Koma wometayo, bambo Rauno, anali atandikulunga nsalu m'khosi, lumo lili m'manja, ndiye ndinamvetsera mpaka kumapeto.

Rauno anali ndi mwana mmodzi, Kaisu, yemwe anali pa chibwenzi ndi Ilkka, goloboyi wa timu ya m'tauniyo. Timuyo inali m'ligi yaikulu, inde, koma ntchito yake inali yoperekeza anzawo. Mwezi wa Malichi, ena akamalowa ndime ya chipulula, anyamatawa amakhala atapachika kale ndodo, akuboola ayezi n'kumawedza. N'chifukwa chake ukwati anauika kumapeto kwa Epulo. Tsikulo anasankha ndi Ilkka yemwe, ndipo palibe anaona ngati wanyoza timu.

Chaka cha ukwaticho zinthu zinasokonekera. Anayamba kuwina.

Tsono chipulula chikayamba, wosewera sameta ndevu, kuopa tsoka, mpaka timu itatuluka kapena itanyamula chikho. Ena zimawakhala. Za Ilkka zinamera ngati udzu wa m'mbali mwa njanji, apa zofiira, apa palibe. Kaisu ankaziyang'ana n'kumadzitonthoza kuti sabata yamawa agonja. Sanagonje. Kamphira kamene amalimbirana kaja kankangomumenya Ilkka pabondo, paphewa, pamutu, osalowa m'golo. Mapeto ake ukwati unagwera Loweruka, masewera olimbirana chikho mawa lake.

Lachisanu anakumana mometera mwa Rauno. Sakari, kaputeni wa timu, anabwera nawo kudzalondera ndevuzo.

"Ine sindikwatiwa ndi tsache," anatero Kaisu. "Umete, Ilkka. Apo ayi, mawa ukakwatire Sakari wakoyu."

"Mlamu, pirirani mpaka Lolemba," anatero Sakari. "Lolemba ndidzamumeta ndekha, ndi nsidze zomwe."

"Nsomba tathira kale mchere. Azakhali ali m'sitima. Chithunzi cha ukwati chimakhala pakhoma mpaka imfa, ndiye ndizidzauza ana kuti chimenechi n'chiyani?"

Sakari anatembenukira goloboyi wake. "Aise, ukangogwira leza, m'sauna yathu, mosambira nthunzi muja, usadzapondemonso."

Ilkka anayang'ana nsapato zake. Kwa munthu wofatsa ngati iye, kumeneko kunali kukuwa.

Amene anali pamoto weniweni ndi Rauno. Kubwalo anali ndi mpando wake womwe anayamba kukhalapo asanakwatire, kudikira chikho. Komanso ankadziwa khalidwe la Kaisu: akati sindipita, sapita. Anamwa khofi wake pang'onopang'ono, natsuka kapu.

"Kutchalitchi mkwatibwi amaima mbali iti?" anafunsa.

"Kumanzere kwa mkwati," anayankha Kaisu.

"Achibale athu?"

"Kumanzere komweko."

"Nanga zigawenga za Sakarizi?"

"Kumanja."

"Khala apa, mkamwini."

Anameta tsaya lamanzere mpaka linawala, nalekeza pakati penipeni pa chibwano. Lamanja sanalikhudze. Kaisu anaima kumanzere, nayang'ana nthawi ndithu.

"Usatembenuke tsiku lonse," anatero.

Sakari anaima kumanja. "Ine sindikuona chilichonse chachitika," anatero, ndipo anatuluka chammbali kuti asaone.

Ukwati unachitika. Azakhali anati mkwati ndi mnyamata waukhondo. A timu anati goloboyi wawo ndi mwamuna wosunga mwambo. Amene anaona nkhope yonse ndi abusa okha, ndipo iwo anawerenga mawu onse maso ali m'buku, ngakhale ankawadziwa pamtima. Wojambula anamujambula Ilkka chammbali. Kuphwando anadya atayang'ana khoma.

Lamlungu bwalo linadzaza. Ilkka atavala chigoba chake chotchinga nkhope, palibe akanadziwa kanthu, ngakhale tauni yonse inkadziwa. Anagwira zogwirika ndi zosagwirika zomwe. Nthawi inatha palibe wagoletsa, nawonjezera ina, ija yoti woyamba kugoletsa watenga chikho. Kenaka mnyamata wina wa timu ya kummwera, woti chaka chonse sanagoletseko, anangomenya chimenyemenye ali kutali. Kamphira kanadzuka, kanadutsa pafupi ndi tsaya la Ilkka, kanalowa.

"Tsaya liti?" ndinafunsa.

Rauno anaimitsa lumo n'kundiyang'ana pagalasi.

"Mukufunsa ngati mlendo," anatero.

Ilkka ndi anzake anapatsidwa mendulo zasiliva. Chaka chotsatira timu inabwerera ku ntchito yake yakale, ndipo maukwati a mu Epulo akuyenda bwino mpaka lero. Sakari anamulola Ilkka kulowanso m'sauna, koma Sakariyo amakhala kumanja kwa Ilkka.

Rauno analoza ndi chipeso pakhoma. Panali chithunzi: Kaisu akumwetulira, Ilkka akuyang'ana kumbali ngati mutu wa pa sitampa.

"Simudandaula, bambo?" ndinafunsa.

"Tinasunga theka la ndevu, anatipatsa siliva. Sanatibere." Anandipukuta khosi. "Adzukulu alipo atatu. Wamkuluyo ndi goloboyi. Ndamuuza kale kuti adzakwatire mu Julayi."

Anatenga leza n'kuyamba kuinola.

"Ndevuzi ndichotse?"

"Chotsani," ndinatero. "Mbali zonse."